Lexus V8 yakale kapena ya VVT-i: musanatulutse ndalama, onani izi

M'galaja momwe ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg, chimene chimatidyetsa kwambiri ndi kuika injini ya Lexus V8 m'ma Hilux ndi ma Land Cruiser otopa. Dzina lake lenileni ndi 1UZ-FE, ya malita 4.0, yomwe Toyota anaitulutsa mu 1989 m'galimoto ya Lexus LS400. Kasitomala akabwera amangoti "mundiikire Lexus", osadziwa kuti injinizi zilipo za mibadwo iwiri, ndipo kakokedwe kake nkosiyana.

Choyamba muizindikire ndi maso, chifukwa ogulitsa ena amakuuzani zimene mukufuna kumva. Yakale ili ndi madisitibyuta awiri kutsogolo, mutu uliwonse yake, ndi zingwe zopita ku mapulagi. Ya VVT-i (njira yosinthira nthawi yotsegulira mavavu), yomwe inayamba mu 1997, ilibe zimenezo: pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake pamwamba, ndipo kutsogolo kwa mutu uliwonse kuli kasolenoidi kolowetsa oyilo ku giya ya camshaft.

Pa pepala, LS400 yoyamba inkatulutsa 250 hp ndi 353 Nm. Ya VVT-i inafika pa 290 hp ndi 407 Nm. Anthu amathamangira 40 hp yowonjezerayo, koma ine ndimayang'ana nambala yachiwiriyo, ya Nm, yomwe ndi mphamvu yokokera. Hilux yonyamula katundu siyendera ma rev 6,000. Imakhalira pakati pa 2,000 ndi 4,000, ndipo apo ndi pamene VVT-i imaonetsa ukulu wake, chifukwa kompyuta imasuntha nthawi yotsegulira mavavu olowetsa mpweya molingana ndi mmene mwapondera. Pa chitunda, mutakoka ngolo, yakale imafuna mutsitse giya pomwe inzakeyo ikungokwera osadandaula. Petulonso imamwa mochepera pang'ono.

Koma apa ndi pamene ambiri amapsa. Mphamvu imeneyo imabwera pokhapokha VVT-i ikugwiradi ntchito. Kompyuta yoyambirira ya injiniyi nthawi zambiri imakhala ndi immobiliser, ndiye popanda kiyi wake siiliza. Amisiri ambiri kuno amangoichotsa nkuika Spitronics kapena Dicktator, makompyuta opangidwa mommuno. Zimenezo zilibe vuto, bola wochuna alumikize masolenoidi aja komanso kachitseko ka mu manifold kosintha kutalika kwa njira ya mpweya. Chaka chatha achimwene ena a ku Mangochi anandibweretsera bakkie yawo akudandaula kuti mnzawo wa injini yakale akuwasiya pa loboti. Nditakweza boneti ndinapeza mapulagi a masolenoidi akungolendewera, osalumikizidwa kulikonse. Analipira mtengo wa VVT-i koma ankayendera injini yoti camshaft yake yaima malo amodzi.

Ndiye musanagule, funsani kaye wa zamagetsi wanu ngati anailizapo VVT-i. Akayamba kukanda m'mutu, tengani yakale.

Kenako lamba wa taimingi. Pa injini za 1989 mpaka 1994, lamba akaduka mumangoima m'mbali mwa msewu, nkuika wina. Pa VVT-i mapisitoni amagunda mavavu, ndipo mitu yonse iwiri imatsika. Ine sindiika VVT-i m'galimoto ndisanasinthe lamba, mapule ake ndi pampu ya madzi, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Sitata nayonso muiyese injini ili pansi. Pa mibadwo yonse iwiri inabisidwa pakati pa V, kunsi kwa manifold, ndipo kuifikira injini italowa kale ndi ntchito ya tsiku lathunthu yotukwanitsa.

Ngati mumalota zodzaika turbo, funani ya 1989 mpaka 1994. Ma conrod ake, zitsulo zolumikiza mapisitoni ku crankshaft, ndi onenepa. Kuyambira cha mu 1995 Toyota anawachepetsa thupi kuti injini izizungulira mopepuka. Yakaleyo vuto lake ndi ukalamba: ma capacitor a m'kompyuta yake amachucha, injini nkumazima yokha kapena kugwedezeka pa idle. Tsegulani kabokosiko muone ngati pali zodontha pa bolodi. Muonenso sampu, chifukwa ya LS400 ili kutsogolo, ya galimoto ya Toyota Soarer kumbuyo, ndipo yolakwika imagundana ndi difu ya kutsogolo.

Mukafuna kudzionera nokha kusiyana kwake, musayerekeze pa loboti. Yakale inkabwera ndi giyabokosi ya magiya 4, ya VVT-i ya magiya 5, ndiye mungatamande injini pomwe yapambana ndi giyabokosi. Pezani msewu wowongoka, tsekerani giya imodzi, pondani mpaka pansi kuchoka pa 60 kufika pa 120, mnzanu akuwerenga masekondi pa foni. Chitani katatu mbali zonse ziwiri. Magalimoto onse muwayesere malo amodzi, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini yomweyo ikatsikira ku Durban imakhala ngati ina.

Ya achimwene a ku Mangochi aja tinaiyesa chonchi tisanalumikize masolenoidi, kenako titalumikiza ndi kuchunanso kompyuta. Ulendo wachiwiri sanadikire nkomwe kuti mnyamata wanga awerenge masekondi. Anangofunsa kuti mabuleki akuluakulu amagulitsa kuti.