Mmene ndinathetsera vuto la freshclam pa Ubuntu

Kompyuta yanga imayendera Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga mmene Windows imachitira, ndipo ngakhale mavairasi ambiri amapangidwa kuti awononge Windows, ndinaikamo pulogalamu yofufuza mavairasi yotchedwa ClamAV chifukwa ma flash amene anthu amabwera nawo kudzasindikiza makalata amatha kunyamula mavairasiwo n'kukapatsira makompyuta ena. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo kuyambira mu 2013 ili m'manja mwa kampani ya Cisco.

Vuto linabuka nditalemba lamulo la sudo freshclam pofuna kukopera mndandanda watsopano wa zizindikiro za mavairasi. Kompyuta inakana, n'kunena kuti fayilo ya /var/log/clamav/freshclam.log yatsekedwa ndi ntchito ina. Chimene chimachitika n'chakuti pa Ubuntu, ClamAV ikangoikidwa, ntchito yotchedwa clamav-freshclam imayamba kuyenda yokha kuseri n'kumakopera mndandandawo nthawi ndi nthawi, ndipo imagwira fayiloyo kuti ina isalembemo. Choncho panalibe chimene chinawonongeka, koma freshclam ziwiri zinkangolimbirana fayilo imodzi.

Ndinaimitsa ntchitoyo polemba sudo systemctl stop clamav-freshclam, kenako ndinabwereza sudo freshclam, ndipo mafayilo a mndandandawo, omwe ndi main.cvd, daily.cvd ndi bytecode.cvd, anatsika bwinobwino, ngakhale kuti anadya bandulo yochuluka ndithu. Nditatero ndinayambitsanso ntchito ija polemba sudo systemctl start clamav-freshclam, pakuti ikakhala chiimire mndandanda umatsalira m'mbuyo ndipo mavairasi atsopano amadutsa osadziwika.

Pofufuza flash ndimalemba clamscan -r -i /media (/media ndi foda imene ma flash amaonekeramo), ndipo ndimawonjezera --move kuti fayilo yokayikitsa isamutsidwire m'foda ina m'malo moifufuta ndi --remove, chifukwa nthawi zina ClamAV imanamizira fayilo yabwinobwino.