Kusamalira agogo odwala popanda kutaya ntchito kapena geni

Agogo akagona pamphasa, mtolo wonse umagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mdzukulu. Kuno ku Salima amasiya kupikula usipa ku Senga Bay, munda wa mpunga ku Lifuwu umalowa tchire, mpamba umathera pa kabaza wopita kuchipatala. Posakhalitsa odwala pakhomo amakhala awiri.

Mankhwala ake ndi kugawana ntchito sabata yoyamba yomwe, mitima isanawawe. Mwinimbumba aitanitse abale onse, ndipo mulembe m'kope tsiku la aliyense, usana ndi usiku padera. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni asangoti "tidzaona". Atchule ndalama ndi tsiku lotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Gawo lina lilipire munthu wodalirika wokhala ndi agogo kuyambira m'mawa mpaka masana, kuti wosamalira apite kumsika kapena kumunda. Ndalama ya geni isasakanikirane ndi ya matenda. Ya geniyo isungeni kubanki mkhonde, ndipo katapila mumupewe.

Ngati muli pantchito yolembedwa, auzeni abwana msanga. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha masiku 18 pachaka kwa ogwira masiku 6 pasabata, ndi 15 kwa ogwira masiku 5. Pemphani kutenga masikuwo pang'onopang'ono, molingana ndi masiku a sikelo ya BP kapena shuga. Kujomba mwakachetechete ndiko kumachotsetsa ntchito.

Chimene chimamangirira munthu pakhomo kwambiri ndi zilonda za pogona, chifukwa zikayamba zimatenga miyezi kuti zipole. Tembenuzani agogo maola awiri aliwonse. Powasambitsa yang'anani m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene. Khungu likada kapena kutentha pamalo amodzi, chilonda chayandikira, asagonerenso pamenepo. Pulasitiki iyalidwe pansi pa chitenje, isakhudze thupi, makamaka m'kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, pomwe thukuta limafewetsa khungu. Apatseni madzi pafupipafupi ngakhale asanapemphe, pakuti okalamba ludzu salimva msanga. Neti isaiwalike.

Powanyamula musakoke m'khwapa. Yalani chitenje pansi pawo, mugwire anthu awiri uku ndi uku, mupinde mawondo osati msana. Msana ukavulala, ngakhale dengu la nsomba simusenzanso.

Pa ululu wosatha, monga wa khansa, ku Salima kuli Ndi Moyo, malo othandiza odwala otere. Funsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Ngati pakhomo palibe wina wamphamvu zogwira ntchito, funsani kwa amfumu kapena kuofesi yosamalira anthu ya kwa DC za Mtukula Pakhomo.

Wosamalira akayamba kusowa tulo, kupsa mtima msanga kapena kuleka kupita kumapemphero, mulandireni kwa masiku awiri athunthu akapume kwina. Ndipo mdzukulu wa pasukulu asalembedwe m'kope lija masiku a sukulu; ntchito yake ikhale kutunga madzi akaweruka.