Momwe mungalizire sipika ndi kachipangizo ka 555

M'mabokosi ambiri ophunzirira zamagetsi mumakhala kachipangizo kakuda ka miyendo 8, kolembedwa NE555. Anakapanga ndi Hans Camenzind mu 1971, kampani ya Signetics n'kuyamba kukagulitsa mu 1972. Apa tikagwiritsa ntchito yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi mothamanga kwambiri, kuti kapepala ka m'sipika kazinjenjemera. Kunjenjemerako ndiye kulira komwe khutu limamva.

Sonkhanitsani breadboard (kabolodi ka timabowo kotsomekapo zipangizo), batire la 9V, sipika ya ma ohm 8, ma resistor (tizipangizo tochepetsa magetsi odutsa) a 1k ndi 10k, ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi kwakanthawi), imodzi ya 100nF ndi awiri a 10µF, ndi timawaya. Magetsi a pakhoma asakuyandikireni n'komwe.

Yambani ndi kudziwa miyendo, chifukwa ambiri timagwa pomwepa. Tsomekani 555 pakati pa breadboard, mbali yokumbika ili kumanzere. Mwendo 1 ndi wa pansi kumanzere. Werengani kupita kumanja mpaka 4, kenako kwerani pamwamba kumanja, 5 mpaka 8 pobwerera kumanzere. Ine ndinakatembenuzapo tsiku lina, kanatentha mpaka kundiwotcha chala, ndipo sikanalirenso.

Batire lisanalumikizidwe, chitani izi. Mwendo 1 upite ku negetivu, 4 ndi 8 ku pozitivu. Resistor ya 1k, ya mizere ya bulauni, wakuda ndi wofiira, ikhale pakati pa 8 ndi 7. Ya 10k, yomwe mzere wake wachitatu ndi wa olenji, pakati pa 7 ndi 6. Lumikizani 6 ndi 2 ndi kawaya, ndipo capacitor yolembedwa 104 (ndiyo 100nF ija) ichoke pa 2 kupita ku negetivu. Pomaliza, mwendo wautali wa 10µF uloze ku 3, waufupi ku sipika, waya winawo wa sipika ku negetivu.

Ikani batire. Mumva "piii" wosalekeza, kunjenjemera pafupifupi maulendo 690 pa sekondi. Kukakhala zii, chotsani batire muunike kawaya ka 2 ndi 6, kamakonda kuiwalika.

Tsopano sewerani, koma muzisintha chinthu chimodzi n'kumvetsera kaye. Mukachotsa 104 n'kuikapo 10µF ina, mwendo waufupi ku negetivu, kulira kuja kumasanduka "te, te, te", kasanu ndi kawiri pa sekondi, chifukwa capacitor yaikulu imachedwa kudzaza. Kunjenjemera kukachepera 20 pa sekondi, khutu limangomva kugogoda.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi pensulo. Bwezerani 104, chotsani 10k, jambulani mzere wonenepa wakuda bii papepala, muukhudze ndi mawaya ochokera pa 7 ndi 6. Makala a pensulo amadutsitsa magetsi movutikira, ndiye mzerewo ndi resistor kale. Yandikizani mawayawo, mawu akwera. Atalikitseni, atsika ngati besi.