Mmene Mungachepetsere Ndalama za Magetsi Pakhomo

Magetsi ambiri pakhomo amathera pa zipangizo zotenthetsa ndi zoziziritsa, choncho ndi bwino kuyambira pamenepo. Ngati muli ndi giza, ikani kutentha kwake pa madigiri 60, koma musatsitse kupitirira apo chifukwa tizilombo toyambitsa matenda timaswana m'madzi ofunda. Powiritsa madzi mu ketulo, thirani okwanira makapu amene mukufuna basi, ndipo pophika vindikirani poto kuti nthunzi isathawe.

Firiji ndiyo imafuna chisamaliro chapadera, popeza imagwira ntchito usana ndi usiku. Iikeni patali ndi chitofu komanso pamene pamawomba dzuwa, siyani mpata kumbuyo kwake kuti mpweya uzidutsa, ndipo musaikemo chakudya chisanazizire. Kuti mudziwe ngati labala wa pachitseko akadali wabwino, panitsani pepala pachitsekopo n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, ndiye kuti kuzizira kukutuluka ndipo labalayo akufunika kusinthidwa. Anthu ambiri sachiganizira n'komwe chimenechi.

Mababu akale asintheni ndi a LED. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi mofanana ndi lakale la mawati 60, ndipo ngakhale limakwera mtengo pogula, limakhalitsa.