Timabauti ta chigwiriro cha mpeni chomasula

Ngati mukufuna kuti matabwa awiri a chigwiriro cha mpeni azitheka kumasulidwa, za timabauti totchedwa Corby ndi Loveless iwalani. Timabauti timeneti n'tolimba ndithu, koma mukamaliza kumanga mumapala mitu yake mpaka ifanane ndi thabwa, ndiye sikuludiraiva ilibenso pogwira. Ndi ta chigwiriro chomata ndi guluu, chosadzachotsanso.

Ine mugalaja momwe ndimapangira mipeni ku Turffontein, kuno ku Joni, ndimagwiritsa ntchito kachubu kachitsulo kokhala ndi mazinga mkati, komwe m'sitolo mukafunse kuti standoff, ndi timabauti tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo. Chicago screw, kabauti kolowa m'kachubu kokhala ndi mutu wakewake, nayo imagwira, koma mitu yake yambiri ndi ya mzere umodzi ndipo sikuludiraiva ikaterereka imakanda thabwa lomwe mwalivutikira.

Chogwira chigwiriro kuti chisamagwedere ndi kachubuko, osati timabauti. Apa ndiye pofunika kudekha. Ngati kachubu ndi ka 5 mm, bowo la pa mchira wa mpeni, chitsulo chija chokhala pakati pa matabwa awiriwo, likhalenso 5 mm, kazilowa mothina, mochita kukankha ndi chala chachikulu. Likakula pang'ono chabe, mwini mpeni akamadula chinthu cholimba amva matabwa akusuntha m'manja, ndipo ngakhale amange bwanji sizisiya. Utali wake nawonso uyezeni bwino. Kachubu kadutse mchira n'kulowa 2 mm kapena 3 mm m'thabwa lililonse, koma kasafike pomwe pakhale mutu wa kabauti. Kakafika, kabauti kamamangika pa chitsulo chinzake, thabwa lili lendelende pansi pake. Mukaona kuti katalika, kafupikitseni ndi tupa pang'onopang'ono, mukuyesera. Pomwe pakhale mutu muboolepo kachipinda kosalala pansi, kuti mutu ubisale usamabaye dzanja.

Mabowo onse a pa mchira boolani chitsulo chisanakhwimitsidwe pamoto. N690, mtundu wa chitsulo cha mipeni womwe ambiri timagwiritsa ntchito kuno, ikafika cha m'ma 58 mpaka 60 HRC (muyezo wa kulimba kwa chitsulo) chiboolero wamba chimangolira n'kupsa, pamafunika cha carbide, chomwe n'chodula komanso sichichedwa kuthyoka.

Pa saizi ya kabauti, kuno ku Joni sankhani M3 (ka 3 mm), kapena M4 (ka 4 mm) ngati mpeni ndi waukulu. Kakatayika, mwini wake akapeza kena m'masitolo a mabauti mosavuta. Timabauti tochokera ku America, ngati 4-40, timaoneka ngati M3 koma mazinga ake ndi osiyana. Kamalowa pang'ono kenako n'kukakamira, ndipo mukakakamiza mwaononga kachubu. Musasakanize m'kabotolo kamodzi, chonde. Mutu ndimakonda wa Torx, wa bowo looneka ngati nyenyezi, saizi T8 kapena T10, chifukwa ka Allen kakang'ono, ka bowo la makona asanu ndi imodzi, sikachedwa kudyeka mkati n'kusanduka kozungulira. Tengani ta stainless, popeza thukuta la m'manja limabweretsa dzimbiri.

Micarta ndi G10, zipangizo za kufakitale zomwe zimaikidwa m'malo mwa thabwa, sizisintha kwenikweni ndi nyengo. Thabwa ndiye limasintha. Ine ndimakondabe mlombwa ndi phingo, mitengo yomwe tinakula tikuiona kumudzi, koma mpweya wouma wa kuno mu June ndi July umafwetsa thabwa pang'ono, timabauti n'kukhwefuka. Kadontho ka Loctite 243, guluu wa buluu wogwira mabauti kuti asakhwefuke, pa mazinga kamathandiza ndipo mudzamasulabe ndi dzanja. Yofiira ya 271 musayerekeze, imafuna moto kuti imasuke ndipo motowo upsereza chigwiriro.

Mpeni wa kukhitchini kapena wosendera mbuzi, madzi ndi magazi zimalowa pansi pa matabwa chifukwa mulibe guluu wotseka. Ndikamapereka mpeni wotere ndimaperekanso kasipanala ka Torx, n'kumuuza mwini wake kuti akatha ntchito ya nyama azimasula, atsuke, aumitse bwinobwino ndi kupaka timafuta pa mchira asanamangenso, makamaka ngati chitsulo chake si stainless.