Momwe mungadziwire pomwe padutsa mzere wotukuka wa fupa la ntchafu

Fupa la ntchafu ndilo lalitali kuposa mafupa onse m'thupi la munthu. Kumtunda kwake kuli mutu wobulungira womwe umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno, kenako khosi, ndipo m'munsi mwa khosimo muli zitunda ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono. Chakumbuyo, zitundazi zalumikizidwa ndi mzere wotukuka womwe madokotala amautcha intertrochanteric crest. Mzerewu simungaukhudze chifukwa wakwiririka ndi mnofu wa thako, koma mutha kudziwa pomwe wadutsa.

Choyamba imirirani chilili, muike dzanja m'mbali mwa chiuno pomwe pamadutsa lamba. Tsitsani dzanjalo mtunda wa chikhatho chimodzi. Mumva fupa lolimba pafupi ndi khungu. Chimenechi ndiye chitunda chachikulu, dzina lake greater trochanter, ndipo ndi chomwe chimakupwetekani mukagonera m'mbali pamalo polimba.

Musafulumire kukhulupirira kuti mwachipeza, ambiri amagwira fupa la chiuno. Pondani ndi chidendene, kenako tembenuzirani phazi mkati ndi kunja pang'onopang'ono. Ngati fupalo likugubuduka pansi pa zala zanu, ndi lomwelo. Ngati langokhala duu, mwagwira pamwamba, tsikaninso.

Chitunda chaching'ono, lesser trochanter, musavutike nacho. Chili mkati, chakumbuyo, ndipo pamenepo pamagwira mnofu wa iliopsoas womwe umakweza ntchafu mukamakwera masitepe.

Tsopano sunthirani zala kumbuyo kwa chitunda chachikulu chija mpaka zitamire m'mnofu. Kuchokera pamenepo, yendetsani chala motsetsereka, kutsikira pansi komanso kulowera mkati. Mzere uja wadutsa momwemo, mkati mwa mnofu. Cha kumtunda kwake kuli kanthu kotupa kotchedwa quadrate tubercle, pomwe pamagwira mnofu waufupi wa quadratus femoris wotembenuzira mwendo kunja.

Mukaona chithunzi cha fupali, samalani kuti musasokoneze mzerewu ndi unzake wakutsogolo, intertrochanteric line. Wakutsogolo ndi wokhakhala komanso wosatukuka kwambiri, pomwe wakumbuyo ndi wosalala ndiponso wonenepa. Kwa ine, iyi ndiyo njira yachidule yodziwira kutsogolo ndi kumbuyo kwa fupali.

Malowa ndi amodzi mwa omwe okalamba amathyoka akagwa, makamaka mafupa akayamba kufooka. Fupa likathyoka pakati pa zitunda ziwirizi, limakhala lathyokera kunja kwa thumba lomwe lakuta molumikizirana mafupa, komwe magazi amafika okwanira, choncho limalunzika bwino kusiyana ndi lothyokera pakhosi. Ngati munthu wagwa ndipo mwendo ukuoneka kuti wafupika, phazi lagwera kunja, musamuyese zotembenuza phazi zija kapena kumuimiritsa. Musiyeni chigonere, muitane achipatala.