Musanagule katundu wa shopu ya mankhwala a mbewu, yambani mwafika ku Bvumbwe

Mvula ikamayandikira, mashopu a zipangizo za ulimi amachuluka m'misika ya Thyolo. Ku Goliati, ku Luchenza, ku Thunga, mupeza mabotolo a mankhwala ophera ntchemberezandonda ali ndandanda pa shelefu. Ndikafunsa za chiphaso, eni ake ambiri amandilozera pepala la khonsolo lomwe alimata pakhoma. Pepalalo n'lofunika, musalitaye, koma limangokulolani kuchita malonda pamalopo. Kugulitsa poizoni ndi nkhani ina.

Mankhwala ophera tizilombo ali ndi lamulo lakelake, Pesticides Act la 2000, ndipo amene amapereka chiphaso chogulitsira ndi a Pesticides Control Board. Ofesi yawo ili kwathu konkuno ku Bvumbwe. Wa ku Karonga amayenda tsiku lathunthu kuti akafike, ife ndi minibasi imodzi basi, komabe ndife amene timazengereza.

Chachikulu chimene amayang'ana ndi malo osungira. M'shopu ina ndinapeza paketi ya Actellic itatsamira thumba la shuga, pambali pake mafuta ophikira. Pansi pa kauntala panali mankhwala amadzi othiridwa m'mabotolo a Sobo opanda pepala lililonse, ndipo mwini wake ankayezera alimi a tomato pa chivindikiro. Bambowo sanali munthu woipa ayi, ankangofuna kuthandiza mlimi wosakwanitsa botolo lonse. Koma botolo lotere likafika pakhomo, mwana adziwa bwanji kuti si chakumwa? Nanga mlimi adziwa bwanji mulingo, kapena masiku oyenera kudikira asanathyole tomato? Mankhwala azikhala m'botolo lomwe anabwera nalo, pepala lake lili pomwepo, m'chipinda cholowa mpweya, kutali ndi zakudya. Wogulitsayo azitha kuwerenga pepalalo n'kumufotokozera wogula.

Musamale ndi katundu wotchipa wolowera ku Muloza wolembedwa Chipwitikizi chokhachokha. Mankhwala aliwonse ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kukhala olembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndipo osalembetsedwa akawapeza amalanda. Mpamba wonse umathera pomwepo.

Ambiri mumafuna kuwonjezerapo mankhwala ochizira ng'ombe za mkaka, poti alimi a mkaka ndi ambiri kuno. Amenewo chiphaso cha ku Bvumbwe sichikuwakhudza, mufunse ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Za mbewu yobzala, a Seed Services Unit ku Chitedze ndiwo eni nkhani. Nambala ya msonkho mukatenge ku MRA.

Tsono mukapeza chipinda cha lendi, musathamangire kukaoda katundu ku Limbe. Kafunseni kaye ku Bvumbwe zomwe chipindacho chikufunika, mukonze, kenako muode. Ziphasozi zimatha nthawi, choncho lembani tsiku lothera pa kalendala ya m'shopu, pomwe mumalemba angongole.